Body lift kapena suspension lift: galimoto yanu ikukhula pati?

Mvula ikangokhazikika, nkhani yokweza galimoto imabuka m'magalaja. Munthu wapita kumudzi ndi twin cab yake, wapeza malole a feteleza akumba tinjira tiwiri takuya mumsewu, pakati patsala msana wa dothi. Walowamo mwaulemu, wayenda pang'ono, kenako gu! galimoto yakhala pamsanapo, matayala akungopota matope. Anyamata a pamudzi abwera ndi makasu ndi nthambi, akumba, akankha, alandira ya sopo. Pobwerera m'tauni mwini wake ali ndi ganizo limodzi: galimotoyi ikwere basi.

Ku galajako amakamva mawu awiri, body lift ndi suspension lift, ndipo ambiri amaziona ngati njira ziwiri zopita pamalo amodzi, ina yotchipa ina yodula. Ayi ndithu. Zonse zimaitalikitsa galimoto, ikaima pasitolo anthu n'kumaicheukira, koma zimene zimakwera n'zosiyana, ndipo pansipo pali chitsulo chimodzi chimene njira zonse ziwiri sizichisuntha ngakhale pang'ono. Ndikamba kwambiri za Toyota Hilux chifukwa ndiyo ndagona kunsi kwake kambirimbiri, koma zambiri n'chimodzimodzi pa Ford Ranger, Isuzu KB ndi D-Max, Nissan Hardbody ndi Navara.

Chimene chimakwera ndi chimene chimatsala

Pikapu ndi zinthu ziwiri zosanjikizana. Pansi pali chassis, zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ngati makwerero ogoneka. Injini, giyabokosi, thanki ya mafuta, ekizozi ndi masipulingi zonse zimagwira pamenepo. Pamwamba pakhala bodi, kutanthauza kanyumba ka anthu ndi kumbuyo konyamulira katundu. Bodiyo imangokhazikidwa pa timipira tokhuthala n'kumangidwa ndi mabawuti.

Body lift ndi kumasula mabawutiwo, kunyamula bodi ndi jeke, kulowetsa timabuloko pakati pa bodi ndi chassis, n'kumanganso ndi mabawuti aatali. Bodi yakwera, chassis ili pomwe inali. Suspension lift ndi kusintha masipulingi ndi ma shock kuti chassis yonse, pamodzi ndi zonse zomangidwa pa iyo, italikirane ndi matayala. Apa mimba ya galimoto yakweradi. Eni RAV4, X-Trail kapena CR-V nkhani ya body lift sikuwakhudza, chifukwa pa magalimoto amenewo bodi ndi chassis n'chinthu chimodzi, palibe pomasula. Fortuner, Prado ndi Land Cruiser zili m'gulu limodzi ndi mapikapu.

Tsopano gwadani kumbuyo kwa galimoto musuzumire pansi. Pakati pa ekiselo yakumbuyo pali chimphika chachitsulo, difu. Ndiyo yotsikitsitsa, ndipo ndiyo imalima msana wa msewu uja. Difu siikhala pa masipulingi, imanyamulidwa ndi matayala. Kwezani bodi mainchesi 3, ikani masipulingi aatali ngati nsungwi, difu yakumbuyo idzakhalabe pomwe inali. Choikweza n'chimodzi chokha, tayala lalitali, ndipo imakwera theka lokha la zimene tayalalo lawonjezera.

Tiwerengere. Hilux zambiri zatsopano zimabwera ndi 265/65R17, tayala lotalika mamilimita pafupifupi 776. La 265/70R17 ndi mamilimita 803. Kusiyana kwake ndi 27, ndiye kuti difu yakwera mamilimita 13 okha, kunenepa kwa chala chaching'ono. Mukalumphira ku 285/70R17, limene anthu amalitcha 33 ngakhale silikwana bwinobwino mainchesi 33, kutalika ndi mamilimita 831 ndipo difu yakwera 27. Pa Hilux zakale za matayala opyapyala a 205R16, kupita ku 235/85R16 kumapereka mamilimita pafupifupi 35. Manambala ake ndi aang'ono moseketsa mukayerekeza ndi mmene galimoto imaonekera, koma m'makande chala chimodzi chimasiyanitsa wodutsa ndi wogona panjira.

Komatu walira mvula walira matope. Tayala lalitali limachititsa galimoto kukhala ngati mukunyamukira giya yapamwamba. Injini ya 2.8 GD-6 kapena 3.0 D-4D siidandaula kwambiri, koma 3L ndi 5L zakale zopanda turbo zimalira pokwera kuchokera pa Thabwa kupita ku Blantyre, kilatchi n'kumanunkha. Dizilo amapita wambiri, mabuleki amafuna mtunda wautali kuti aimitse galimoto, ndipo wotchi ya liwiro imayamba kunama. Ndi 285/70R17, pamene kale munkathamanga 100 tsopano mukuthamanga pafupifupi 107, singano ili pamalo omwewo. Wapolisi wa kamera pa trading centre sadzamva zoti ndi matayala. Ndipo sipeya iyenera kukhala ya msinkhu womwewo, n'kukwananso pamalo ake kunsi kwa bodi.

Ndiye ntchito ya lift ili pawiri: kupereka malo kwa tayala lalikulu, ndi kuchotsa mimba ya galimoto pafupi ndi miyala. Body lift imachita yoyambayo yokha. Suspension lift imachita yachiwiriyo bwino, koma yoyambayo imangoichita mwa theka, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Body lift

Ubwino wake woyamba ndi mtengo. Timabuloko ndi mabawuti sizingafanane ndi masipulingi anayi ndi ma shock anayi. Wachiwiri, ndipo kwa ine ndiwo waukulu, ndi woti miyendo ya galimoto siikhudzidwa. Ma CV joint (mfundo zopindika zopititsa mphamvu ya injini ku matayala akutsogolo), ma ball joint (mfundo zimene tayala lakutsogolo limakhoterapo) ndi propshaft (chitsulo chozungulira chopititsa mphamvu ku difu) zimagwirabe ntchito mmene fakitale inaziimikira. Galimoto imayenda mofewa kapena molimba monga kale. Zolemera kwambiri, injini, giyabokosi ndi chassis, zimatsala pansi, choncho kupendekeka pakona sikuwonjezeka ngati pa suspension lift ya msinkhu womwewo. Komanso madigadi amalithawadi tayala. Mamilimita amene mwawonjezera amakhalapo nthawi zonse, kaya galimoto ilibe katundu, kaya yamenya dzenje masipulingi n'kufinyika mpaka pamapeto.

Vuto n'loti bodi ndi chassis sizigwirana ndi mabawuti okha. Pali mitsempha yambiri yochoka uku kupita uko. Chiwongolero chili ku bodi koma chimene chimakhotetsa matayala chili ku chassis, ndiye chitsulo cholumikiza ziwirizi chiyenera kutalikitsidwa ndi chida chopangidwira ntchito imeneyo, osati kudula n'kuwotcherera. Rediyeta imakwera ndi bodi pamene fani yatsala ndi injini, mapeto ake fani imamenya chivindikiro chake kapena kupemerera pamalo olakwika injini n'kumatentha. Paipi yothirira mafuta, mapaipi a mabuleki ndi a kilatchi, waya wa handibuleki, mawaya a magetsi, zonse zimakokeka. Bampala imagwira ku chassis, choncho imatsala pansi n'kusiya mpata wonyansa ngati mano ochoka, pokhapokha mutaipangira zogwirira zatsopano.

Kenako pali ndodo za giya, ndipo izi ndinaziphunzira ndi thukuta. Hilux yanga yoyamba, yakale ya dizilo, ndinaisiya kwa mmisiri wina amene ananditsimikizira kuti, "Bwana, iyi ndi ya tsiku limodzi, madzulo mudzangotenga." Madzulo inalidi itaima monyada, ndipo m'tauni inkayenda bwinobwino. Patapita milungu ingapo ndikukwera msewu wa Golodi kuchokera ku Chitimba kupita ku Livingstonia, pakona ina yothina ndili mu low range, giya yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono, kandodo ka four wheel kanangodumpha kokha n'kubwerera pakati. Injini inabangula yokha, galimoto n'kuyamba kubwerera chambuyo, kumbuyoko kuli phompho. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zonse, mnzanga n'kudumpha kukaika mwala. Titavundukula mphira wa patsinde pa kandodoko tinapeza kuti kakugunda m'mphepete mwa bowo la bodi kasanalowe bwino m'malo mwake. Chassis ikangopotoka pang'ono pakona, bodi inkakakankha. Kungodula kachitsulo kosakwana chala kukanathetsa zonsezo, koma mmisiri uja sanaganizeko. Tsiku lomwelo ndinaonanso kuti timabuloko take anachita kudula ku paipi ya madzi, ndipo tiwiri tinali titayamba kale kuboola bodi.

Timabuloko toona timapangidwa ndi pulasitiki yolimba kwambiri kapena aluminiyamu, ndipo timakhala totambalala kuti tisadye bodi. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu, osati angotoledwa m'chitini. Kumbukirani kuti bawuti lalitali lili ngati mpini wautali. Bodi ikakankhidwa pa ngozi, kapena ikamanjenjemera tsiku ndi tsiku pa msewu wa mabampu, mphamvu yopinda bawutilo imakula malinga ndi kutalika kwa buloko. Ma kit amafika mainchesi 3, omwe ndi mamilimita 75, koma ine sindidutsa 50, ndipo nthawi zambiri 25 kapena 40 amakwanira. Pa galimoto yatsopano ya ma airbag sindiyerekeza n'komwe, chifukwa opanga anayesa ngozi bampala, chassis ndi bodi zili pamzere umene iwo anauika.

Mutachita zonsezi, sampu (chibeseni cha oyilo cha pansi pa injini), giyabokosi, thanki ndi chokokera ngolo sizinakwere ngakhale milimita imodzi. Mwala umene unkamenya thanki chaka chatha udzaimenyanso chaka chino.

Suspension lift

Kumbuyo kwa pikapu n'kosavuta: masipulingi osanjikiza aja ndi ekiselo yathunthu. Nkhani ili kutsogolo, ndipo imadalira chaka cha galimoto.

Hilux 4x4 zakale kwambiri, monga LN106, zili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo komwe, chimodzimodzi Land Cruiser pikapu. Izi zimalandira lift mosavuta, koma dziwani kuti madifu onse awiri amatsala pansi, ndipo mukakweza kwambiri chiwongolero chimayamba kusochera pa tala mpaka mutakonza kaimidwe ka ekiselo.

Hilux za 1997 mpaka 2005, komanso Hardbody ndi KB za nthawi imeneyo, kutsogolo zili ndi torsion bar, ndodo yachitsulo imene imapotoka m'malo mwa sipulingi. Kumapeto kwake kuli bawuti limene mukalimanga mphuno ya galimoto imakwera. N'chifukwa chake anthu amati lift yaulere. Ngati ndodozo zatopa ndipo mukungobwezera galimoto pa msinkhu wake wakale, palibe cholakwika. Koma mukapitirira, mukudya mpata umene tayala limatsikira likapeza dzenje. Galimoto imayamba kulira gu, gu pa bampu iliyonse, imanjanja ngati ngolo, ndipo mipira ya ma CV joint imang'ambika msanga.

Kuyambira Hilux Vigo ya 2005 mpaka Hilux Revo imene inabwera pambuyo pake, kutsogolo kuli sipulingi yozungulira yovekedwa pa shock, tayala lililonse lili ndi mikono yake iwiri. Apa pali chabwino chimodzi: difu yakutsogolo imamangidwa ku chassis, choncho imakwera pamodzi ndi lift. Koma matayala atsala pansi, ndiye ma shaft ochoka ku difu kupita ku matayala amapendekeka. CV joint yopendekeka kwambiri imatha msanga, ndipo ikakhala mu low range chiwongolero chitakhotetsedwa mpaka pamapeto, tayala n'kugwira mwala mwadzidzidzi, imathyoka. Mamilimita 50 ndi pamene zinthu zimapiririka. Mukadutsa pamenepo mndandanda wogula umatalika: mikono yapamwamba yatsopano kuti ball joint isakakamizike ndi kuti alayimenti itheke, zotsitsira difu yakutsogolo zimene zimabweza gawo la mpata umene munalipira, mapaipi aatali a mabuleki, ndi kukonza propshaft imene yayamba kunjenjemera ponyamuka.

Mudzaona kuti ma kit ambiri odziwika amalembedwa mamilimita 40 kapena 50. Old Man Emu ya kampani ya ARB, Ironman 4x4, Tough Dog ndi Dobinsons zonse ndi za ku Australia, kumene m'madera ambiri malamulo amalola lift ya suspension ya mamilimita 50 popanda chikalata cha injiniya. Lamulolo ndi lawo, koma CV joint ya ku Perth ndi ya ku Mchinji zimathyokera pamalo amodzi. Kwathu kuno zambiri mwa zida zimenezi zimadzera ku South Africa.

Ndinati suspension lift imapereka malo a tayala mwa theka. Chifukwa chake n'chakuti imasintha pamene tayala limakhala galimoto itangoima, koma siisintha pamene limakafika likakankhidwira m'mwamba. Malire ake ndi kampira kolimba kamene kamaletsa mkono kapena ekiselo kumenya chassis, ndipo kampirako kali pomwe kanali. Tayala lalikulu limaoneka kuti lakwana pa galaja, koma mukatsikira mu ngalande mutakhotetsa, limakwera mpaka pomwe paja n'kupala madigadi. Pa Hilux za kuyambira 2005 palinso chitsulo chogwira bodi, chowotcheredwa ku chassis kuseri kwa tayala lakutsogolo, chimene matayala a 33 amakonda kuchipala pokhota. Chimenecho body lift siichisuntha. Ena amachidula n'kuwotchereranso. Ine chassis sindifuna iyandikane ndi moto chifukwa cha mamilimita 14 a pansi pa difu, ndiye ndimaimira pa 265/70R17.

Pali njira zachidule zimene amisiri athu amazidziwa bwino. Spacer, buloko yoika pamwamba pa shock yakutsogolo, imakweza mphuno koma sipulingi ndi shock zikadali zakale zomwe zija. Yaing'ono yongolinganiza kutsogolo ndi kumbuyo ndi yopiririka, yokhuthala imakakamiza ball joint tayala likatsika. Ma shackle aatali kumbuyo, zitsulo zolumikiza mapeto a sipulingi ku chassis, amakweza theka lokha la kutalika kumene awonjezera, ndipo pa masipulingi otopa amangofulumizitsa kugona kwawo. Mabuloko a pakati pa ekiselo ndi sipulingi amachititsa ekiselo kupotoka ponyamuka ndi katundu, ndipo kutsogolo asaikidwe ngakhale wina atalumbira. Kuwonjezera sipulingi imodzi pa mulu wakumbuyo, kumene a matola akhala akuchita kuyambira kalekale, ndiko kuli ndi nzeru mwa zonsezi ngati galimoto imakhalira katundu. Ikakhala yopanda kanthu, okhala kumpando wakumbuyo amafika msana utaphwanyika.

Apa ndipo pali chinthu chimene body lift singakupatseni zivute zitani. Kit yabwino ya suspension imasankhidwa malinga ndi kulemera kumene galimoto imanyamula tsiku lililonse. Masipulingi akutsogolo alipo a galimoto wamba, alipo a galimoto ya bull bar, alipo a bull bar ndi winch. Akumbuyo alipo a katundu wa apo ndi apo ndi a katundu wokhazikika wa makilogalamu mazana angapo, monga canopy, thanki ya madzi ndi zipangizo. Wogulitsa akapanda kukufunsani zimene mumanyamula, akugulitsani chilichonse chimene chili pashelefu. Ambiri amathamangira olimbitsitsa poganiza kuti ndiwo amphamvu, kenako galimoto yopanda katundu imadumphadumpha pa msewu wa mabampu, kumbuyo n'kumathawira m'mbali.

Ntchito ikatha, galimoto ipite pa alayimenti tsiku lomwelo, apo ayi matayala atsopano aja adyeka mbali imodzi mwezi usanathe. Nyali zitsitsidwe, chifukwa zayamba kuwalira m'maso mwa anzanu. Pa Hilux zakale zopanda ABS pali kavavu kumbuyo kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo, kamene kamawonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikatsika ndi katundu. Mukakweza chassis osasuntha pogwira kandodoko, kavavuko kamaganiza kuti galimoto ilibe kanthu ngakhale mwadzaza matumba, ndipo mabuleki akumbuyo amachita ulesi. Amisiri ambiri amakaiwala. Mabawuti ogwira masipulingi ku ekiselo amangidwenso mukayenda makilomita mazana angapo oyamba.

Kupendekeka, katundu ndi madzi

Pikapu ndi galimoto yaitali kale. Mu 2016 magazini ya magalimoto ya ku Sweden, Teknikens Värld, inayesa Hilux yatsopano pa mayeso okhotetsa mwadzidzidzi ngati ukuzemba nyama, ndipo matayala awiri ananyamuka pa liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa ola. Inali galimoto yosakwezedwa. Kwathu nyamayo ndi mbuzi ya pa M1, wa kabaza wotulukira mumsewu osacheuka, kapena mwana wa sukulu. Lift iliyonse imakweza kulemera kwa galimoto, suspension lift kwambiri chifukwa imanyamula injini ndi chassis yomwe. Kit ya ma shock abwino ya mamilimita 50 nthawi zambiri imagwira msewu kuposa ma shock otha amene anachotsedwapo, koma yosakaniza body lift ya 75, suspension ya 75, matayala a 33 ndi katundu padenga, ija imaoneka bwino pa Facebook, ndi yoopsa pakona ya tala yonyowa.

Masipulingi olimba sasintha kulemera kumene galimoto inalembetsedwa kunyamula. Hilux ndi ya katundu wa pafupifupi tani imodzi, anthu okwera ndi bull bar kuwerengera momwemo. Matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50 akwana kale tani. Masipulingi atsopano angabise kulemerako galimoto n'kumaoneka yowongoka, koma ekiselo, maberingi, mabuleki ndi chassis zikumva zonse. Ma twin cab ambiri opindika pakati pa kanyumba ndi bodi yakumbuyo anafika pamenepo chifukwa cha katundu wolemera woikidwa kuseri kwa ekiselo pa masipulingi osagonja.

Za madzi ndingonena mwachidule. Toyota imati Revo ingadutse madzi akuya mamilimita 700. Lift zonse ziwiri zimakweza zitseko ndi polowera mpweya wa injini, koma kabowo kopumira ka difu yakumbuyo kamatsala pansi, ndipo difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madzi. Kapaipi kotalikitsa kabowoko n'kotchipa kuposa chilichonse chatchulidwa muno. Mtsinje wosefukira suwerenga kuti galimoto yakwezedwa ndi chiyani.

Ndalama ndi mapepala

Kit yathunthu ya suspension imadula kangapo kuposa ya body lift, ndipo mukawonjezera mayendedwe kuchokera ku Johannesburg, msonkho wa MRA ndi kusowa kwa ndalama zakunja, kusiyanako kumakula. Koma body lift yochitidwa bwino imadya maola ambiri a mmisiri, ndipo payokha ilibe phindu lililonse mpaka mutagula matayala asanu aakulu. Muwerengere zonse pamodzi musanati iyi ndiyo yotchipa. Funsaninso kuti shock imodzi ikaphulika muli ku Chitipa, ina muipeza kuti ndipo patenga masiku angati. Utoto wokongola pa shock si umboni wa kumene inapangidwa. Gulani kwa munthu amene angakupatseni lisiti ndi nambala ya chipangizocho.

A inshuwalansi auzidwe polemba kalata ntchito isanayambe, kuti tsiku la ngozi asadzapeze pothawira. Ku Road Traffic poyeza COF amayang'ana mabuleki, chiwongolero ndi nyali, zomwe ndi zinthu zenizeni zimene lift yochitidwa mwachisawawa imasokoneza.

Ine ndingasankhe chiyani

Kwa mlimi, wogula mbewu kumidzi, kapena wantchito woyenda misewu ya ku Neno, Misuku kapena Nyika ndi katundu, ndinganene suspension lift ya mamilimita 40 mpaka 50 ya masipulingi oyenerana ndi katundu wake, ndi tayala lokulirapo sitepe imodzi lokhala ndi mapazi ogwira matope. Pamenepo mimba yakwera, difu yakwerako pang'ono, galimoto siikhala pansi ikasenza, ndipo palibe chodulidwa.

Body lift ndingaivomereze pa galimoto yakale yopanda ma airbag, imene masipulingi ake akadali bwino, ndipo vuto lake lokha n'loti tayala limene mukufuna likupala madigadi. Ikhale yaing'ono, ya zida zogula, ndipo mmisiri akusonyezeni mmene wachitira ndi chiwongolero, fani ndi ndodo za giya musanalipire. Pa galimoto za torsion bar, body lift ya mamilimita 40 ndi yachifundo kuposa kumanga ndodo zija mpaka pamapeto. Wofuna matayala a 33 zivute zitani, kuphatikiza suspension ya 50 ndi body lift ya 25 kumazunza ma CV joint pang'ono kuposa suspension ya 75 yokha. Woyenda pa tala pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, kumudzi kamodzi pa Khirisimasi, agule matayala abwino a msinkhu wa fakitale ndi chingwe chokokera cholimba, zotsalazo athire dizilo.

Musanapite kulikonse, tsukani galimoto kunsi, muiimike pamalo osalala, mugone pansi ndi tochi. Pamene imakhula pamawala. Ngati powala ndi pansi pa difu, vuto ndi matayala. Ngati ndi pa thanki, pa chitsulo chopingasa cha pansi pa giyabokosi kapena pa sampu, ndi suspension. Ngati ndi m'kati mwa madigadi, tayala likusowa malo. Kenako tengani tepi muyeze kuchokera pakati penipeni pa wilo mpaka pamlomo wa madigadi, mbali zonse zinayi, chifukwa muyeso umenewu susintha ndi kukula kwa tayala kapena mpweya. Yerekezani ndi galimoto ina ya mtundu womwewo imene sinazunzike. Yanga yachiwiri, imene ndinali nditatsimikiza kuikweza, inapezeka kuti kumbuyo yatsika pafupifupi zala ziwiri, mbali ya kumanzere kuposa ya kumanja, masipulingi atawongoka ngati lula. Ndinaika masipulingi ndi ma shock atsopano a msinkhu wa fakitale, ndipo thanki inasiya kugunda pa kamlatho ka kumudzi kwathu.